Kuphunzitsa Anthu Osawaona: Kasulidwe ka Aphunzitsi ku Open University, 1969 mpaka 2020

Mawu Oyamba

Anthu akamakamba za maphunziro a pa intaneti amafulumira kutchula makompyuta, magetsi ndi mtengo wa netiweki, ndipo mphunzitsi amatchulidwa kumapeto, ngati watchulidwa n'komwe. Pepala lino likulondola mbiri ya mphunzitsiyo, ndiko kuti m'mene munthu wozolowera choko ndi bolodi wakhala akusulidwira kuti aphunzitse ophunzira amene sakuwaona ndi maso. Tasankha chitsanzo cha Open University ya ku Britain chifukwa sukulu imeneyi yalimbana ndi funsoli kwa zaka zoposa 50, kuyambira m'nthawi ya makalata kufikira m'nthawi ya intaneti, ndiponso zambiri zimene inayesa zinalembedwa ndi anthu amene anaziyesawo. Maganizo athu ndi akuti kusula kotereku ndi ntchito ya chiyankhulo. Mphunzitsi akachotsedwa m'kalasi sataya nzeru za phunziro lake. Chimene amataya ndi njira zoyankhulira zimene kalasi inkamupatsa ulere, ndipo ayenera kuphunzitsidwa zina zolowa m'malo mwake. Ngati maganizo amenewa ali oona, ndiye kuti nkhaniyi ikukhudza akatswiri a ziyankhulo ndi okonza ndondomeko za ziyankhulo koposa m'mene iwo eni avomerezera kufikira lero.

Tisanalowe m'mbiriyo ndi bwino tidziwe chimene chimatayikacho. M'chaka cha 1975 a John Sinclair ndi a Malcolm Coulthard a ku yunivesite ya Birmingham anafalitsa buku lotchedwa Towards an Analysis of Discourse, m'mene anaonetsa kuti kuyankhulana kwa m'kalasi kumayenda m'magawo atatu obwerezabwereza: mphunzitsi afunsa, wophunzira ayankha, mphunzitsi anenapo kanthu pa yankholo. Gawo lachitatuli ndi lalifupi kwambiri, mwina liwu limodzi kapena kugwedeza mutu chabe, komabe ndi limene limauza wophunzira ngati wakhoza, ndi kuuza kalasi yonse kumene phunziro likulowera. Pamwamba pa izi mphunzitsi amawerenga nkhope. Akaona tsinya pamphumi adziwa kuti pafunika chitsanzo china. Akamva mipando ikukwekwezeka adziwa kuti anthu atopa. Zonsezi palibe amene anamuphunzitsa. Mphunzitsi wa ku koleji, makamaka, amalembedwa ntchito chifukwa cha digiri ndi kafukufuku wake, ndipo luso loyankhula ndi ophunzira amangolitola potsanzira amene anamuphunzitsa iye. Luso lotola chomwechi mwini wake salidziwa kuti ali nalo kufikira tsiku limene lamuthawa.

Nthawi ya Envulopu

Ganizo la sukuluyi analilengeza ndi a Harold Wilson ku Glasgow mu Seputembala 1963, ali mtsogoleri wa chipani chotsutsa boma cha Labour, ndipo iwo ankaganiza za yunivesite yophunzitsa pa wayilesi ndi pa wayilesi yakanema. Amene analimbikira kuti ganizolo lisafere m'mazira anali mayi Jennie Lee, nduna yoona za luso, amene anakanitsitsa kuti sukuluyo ikhale yotsika poyerekeza ndi mayunivesite ena. Chikalata chachifumu choikhazikitsa chinaperekedwa mu Epulo 1969, a Walter Perry anakhala mkulu woyamba kuiyendetsa, ndipo mu Januwale 1971 ophunzira pafupifupi 25,000 anayamba maphunziro popanda kufunsidwa satifiketi yolowera. Kuphunzitsa pakalata sikunali kwachilendo. A Isaac Pitman anayamba kuphunzitsa kalembedwe kachidule kudzera pa positi mu 1840, ndipo UNISA ku South Africa inayamba kuphunzitsa ophunzira akutali mu 1946. Chachilendo chinali kuchuluka kwa ophunzira, ndiponso m'mene ntchito ya uphunzitsi inagawidwira pawiri.

Mbali imodzi kunali aphunzitsi okhazikika ku likulu, ku Walton Hall mumzinda wa Milton Keynes, amene ankalemba mabuku a phunziro. Iwowa sankalemba payekhapayekha. Phunziro lililonse linali ndi gulu lake, m'mene munali akatswiri a phunzirolo, mkonzi wa zolembedwa, wokonza mapulogalamu wa BBC, ndi katswiri wa kaphunzitsidwe wochokera ku nthambi yotchedwa Institute of Educational Technology, imene inakhazikitsidwa mu 1970 motsogozedwa ndi a David Hawkridge. Chimene munthu walemba chinkawerengedwa ndi gulu lonse, n'kutsutsidwa, n'kulembedwanso kawiri kapena katatu chisanapite kosindikiza. A Perry ankaona kuti magulu amenewa ndiwo chinthu chachikulu koposa chimene sukulu yawo inabweretsa m'maphunziro a ukachenjede. Ifenso tikuona chimodzimodzi, koma pa chifukwa china: gululi linali sukulu yosulira kalembedwe. Pulofesa amene kwa zaka 20 ankatseka chitseko cha kalasi n'kuyankhula m'mene afunira, tsopano ankamva mnzake akumuuza pamaso pa anthu kuti chiganizo chake chachitatu sichikumveka.

Kalembedwe kamene kankafunika kanali kosiyana ndi ka mapepala a kafukufuku. A Börje Holmberg a ku Sweden, amene anagwira ntchito ku sukulu yapakalata ya Hermods ku Malmö asanapite ku FernUniversität ku Hagen, ankaphunzitsa kuti buku la wophunzira wakutali liyenera kumveka ngati macheza otsogozedwa ndi mphunzitsi. A Derek Rowntree a ku Open University komweko ankalangiza olemba kuti aganize kuti ali ndi wophunzira mmodzi patsogolo pawo, alembe ziganizo zazifupi, adzitchule okha ndi mlowam'malo wa munthu woyamba, amutchule wowerengayo ndi mlowam'malo wa munthu wachiwiri, ndi kuimaima n'kumufunsa funso. Kwa wophunzira galamala izi zikutanthauza kusiya mneni wochitidwa, amene ndiye chizindikiro cha Chingerezi cha ukachenjede, ndi kubwerera kwa mneni wochita wokhala ndi mwininkhani wodziwika. Zikuoneka zazing'ono, koma munthu amene wathera unyamata wake akuphunzira kudzibisa m'ziganizo sabwerera msanga.

Mbali inayo kunali aphunzitsi a m'zigawo, zikwi zingapo, ambiri a iwo ophunzitsa m'makoleji ena masana, amene ankagwira ntchito ya Open University ngati ganyu wamadzulo. Aliyense anali ndi kagulu kake ka ophunzira, ankakumana nako mwa apo ndi apo, koma ntchito yake yaikulu inali kulandira zolemba za ophunzira pa positi, kuzichonga, ndi kulembamo ndemanga. Apa ndi pamene gawo lachitatu lija la a Sinclair ndi a Coulthard linasamukira, kuchoka pakamwa kupita m'mphepete mwa pepala, ndipo posamukapo linasintha khalidwe. Mawu akuti "sizikumveka" onenedwa m'kalasi ndi kumwetulira amaitana wophunzira kuti ayesenso. Mawu omwewo olembedwa ndi cholembera chofiira, ofika m'envulopu patapita masabata awiri kwa mayi wa zaka 40 amene anasiya sukulu ali mwana ndipo akuwerenga yekha pa tebulo la m'khitchini, angathe kumusiyitsa maphunziro. Motero aphunzitsi analangizidwa kulemba ndemanga zazitali, zoyamba ndi zimene wophunzira wakhoza, zofotokoza chifukwa cha cholakwa chilichonse, ndi zoloza tsamba limene angawerengenso.

Malangizo okha sakanakwanira. Sukuluyi inakhazikitsa njira yoyendera aphunzitsi pa kalembedwe kawo: zina mwa zolemba zochongedwa zinkatengedwa n'kuperekedwa kwa mphunzitsi wina wodziwa ntchito, amene ankaona ngati malikisi aperekedwa mwachilungamo ndiponso ngati ndemangazo zikuphunzitsa, kenaka n'kulembera mnzakeyo zimene waona. Mphunzitsi watsopano ankayenderedwa kawirikawiri koposa wakale. Kunena zoona, m'mbiri yonse imene tikulondola palibe njira ina yosulira imene yakhalitsa ngati imeneyi, pakuti inapitirira ngakhale envulopu itasanduka fayilo ya pakompyuta, ndi mapulogalamu a maphunziro pa BBC atatha mu Disembala 2006. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Siinkachotsa munthu pantchito kukamusula kwina. Inkasula chiyankhulo chake chenicheni, pa chiganizo chimene analembera wophunzira weniweni.

Palibe Wonena Kuti Tili Tonse

Mu 1988 sukuluyi inatsegula phunziro la DT200, lonena za makina a mauthenga ndi m'mene amakhudzira umoyo wa anthu. Ophunzira oposa 1,300 ndi aphunzitsi oposa 60 analumikizidwa kudzera m'pulogalamu ya CoSy, yopangidwa ku yunivesite ya Guelph ku Canada. Intaneti monga tikuidziwira lero kunalibe. Munthu ankalumikiza kompyuta yake ku lamya ya m'nyumba kudzera pa modemu, n'kulemba uthenga woti anzake adzauwerenge akapeza mpata, ndipo mphindi iliyonse inkalowa pa bilu ya lamya. Mayi Robin Mason analondola kuyesaku mwatsatanetsatane, ndipo mu 1989 iwo ndi a Anthony Kaye anasonkhanitsa zolemba za akatswiri osiyanasiyana m'buku lotchedwa Mindweave. Chimene chinaoneka poyera n'chakuti ophunzira owerengeka ankalemba kwambiri, ambiri ankangowerenga osalembapo kanthu, ndipo ena sankalowamo n'komwe. Aphunzitsi, amene anasulidwa bwino pa kalata ya munthu mmodzi, anapezeka ali pabwalo la anthu ambiri osaoneka, osadziwa ngati alipo amene akumva.

Mutu wa m'bukuli umene uyenera kuwerengedwa ndi akatswiri a ziyankhulo ndi wa a Andrew Feenberg, wotchedwa The Written World. A Feenberg, katswiri wa filosofi, anali mmodzi mwa amene anathandiza kuyambitsa maphunziro a pakompyuta a akuluakulu a makampani ku Western Behavioral Sciences Institute ku La Jolla, California, mu 1982, ndipo anali ataona aphunzitsi otchuka akulephera mwa njira ziwiri: ena ankalemba nkhani zazitali ngati za pa guwa, ophunzira n'kukhala duu, ena ankaponya funso lalifupi n'kudikira, koma osayankhidwa. Pofotokoza vutoli iwo anatembenukira ku ganizo limene a Bronisław Malinowski analitchula mu 1923, ndipo a Roman Jakobson analiika m'gulu la ntchito za chiyankhulo mu 1960, lakuti pali mawu amene ntchito yake si kupereka uthenga koma kutsimikiza kuti njira ya uthenga ili yotseguka. Owerenga pepala lino sasowa chitsanzo cha kutali. Wokamba nthano akati "padangokhala", omvera amati "tili tonse", ndipo akaleka kutero nthano imaima. Akulu akamakamba nkhani, womvera amaponyamo "eya", "inde", "zoona", kapena kuomba m'manja pang'onopang'ono. Pabwalo lolemberana palibe wonena kuti tili tonse. Wolemba amatumiza mawu ake, ndipo kukakhala zii sadziwa ngati anthu agwirizana naye, akwiya, sanamvetse, kapena lamya yawo yafa. A Feenberg ankati zimenezi zimabala nkhawa, ndipo nkhawayo imatseka anthu pakamwa.

Mankhwala ake anali akuti wotsogolera bwalo achite mwadala, ndi mawu olembedwa, zonse zimene chipinda cha kalasi chimachita chokha. Atsegule nkhani ndi kunena mtundu wa msonkhano umene ukuchitika, pakuti palibe mipando kapena bolodi zouza anthu ngati ali m'kalasi, m'khoti kapena pamowa. Anene malamulo a kayankhulidwe. Atchule dzina la aliyense amene walemba, kuti adziwe kuti wamveka. Akaona kusamvana akutchule. Koposa zonse aluke, ndiko kuti nthawi ndi nthawi awerenge mauthenga onse obalalika, atole ulusi wa uyu ndi wa uyo, alembe uthenga umodzi woonetsa pamene agwirizana, pamene asiyana, ndi funso limene latsala. Kuluka kumeneku ndiko kuphunzitsa kwenikweni pabwalo lotere, ndipo ndi luso lovuta koposa kukamba kwa ola lathunthu, chifukwa mphunzitsi amanga phunziro ndi mawu a anthu ena, amene ena mwa iwo alakwitsa, popanda kuchititsa manyazi wolakwitsayo pamaso pa gulu m'zolembedwa zosafufutika.

Masitepe Asanu

M'zaka za m'ma 1990 sukuluyi inasamukira ku pulogalamu ya FirstClass, yochokeranso ku Canada, imene inali yosavuta kugwiritsa ntchito, ndipo chiwerengero cha olumikizidwa chinakwera msanga. Phunziro la T171, loyamba kuphunzitsidwa pa intaneti kwa anthu ochuluka, linayesedwa pa ophunzira pafupifupi 900 mu 1999, ndipo mu 2000 linalandira pafupifupi 12,000. Panafunika aphunzitsi mazana angapo nthawi imodzi. Zimene a Feenberg ankafotokoza ngati luso la munthu waluntha zinayenera tsopano kusanduka maphunziro oti munthu wamba angathe kuwatsata.

Ntchito imeneyi inadziwika kwambiri ndi dzina la mayi Gilly Salmon a ku nthambi ya zamalonda ya sukuluyi. Iwo anasanthula mauthenga zikwi zingapo a ophunzira ndi aphunzitsi a digiri ya MBA, n'kupeza kuti gulu la pa intaneti limakula m'masitepe asanu, amene anawafotokoza m'buku la E-moderating la chaka cha 2000. Poyamba munthu ayenera kungotha kulowa ndi kulandiridwa. Kenaka azolowerane ndi anzake. Kenaka agawane nawo zimene akudziwa. Akatero ndi pamene angayambe kutsutsana ndi kumanga nzeru pamodzi. Potsiriza amadziimira yekha ndi kuunika kaphunziridwe kake. Pa sitepe iliyonse mphunzitsi ali ndi mawu ake oyenera. Chimene tikuchiona chanzeru koposa masitepewo ndi m'mene aphunzitsi ankasulidwira: osati m'holo, koma pa FirstClass pomwepo, iwo eni ali ophunzira, akukwera masitepe omwewo kwa masabata angapo. Mphunzitsi amene anatumizapo uthenga wake woyamba n'kugona usiku wonse osayankhidwa sangaiwale kuyankha uthenga woyamba wa wophunzira wake.

Komabe sitepe yachiwiri, ya kuzolowerana, ili ndi mwambo wobisika m'kati mwake. Imaganiza kuti anthu amamasukirana potchulana maina oyamba, pokambirana za kunyumba, ndi potsutsa mphunzitsi poyera, monga zikhalira pakati pa akuluakulu a ku Britain ophunzira zamalonda. Bukuli linafalikira kumaiko ambiri, ndipo masitepewo anakoperedwa m'misonkhano yosulira aphunzitsi ngati kuti ndi lamulo la chilengedwe. Kumene wophunzira sangatchule dzina loyamba la mphunzitsi wake ngakhale atamukakamiza, sitepe imeneyi iyenera kumangidwanso ndi zipangizo za komweko.

Liwu Libwerera, Nkhope Ayi

Aphunzitsi a ziyankhulo anali ndi vuto lawolawo, popeza Chifalansa kapena Chijeremani sichingaphunzitsidwe polemberana pokha. Sukuluyi inapanga pulogalamu yake yotchedwa Lyceum, imene inkalola gulu kuyankhulana ndi mawu nthawi imodzi, kulemba pa bolodi la pakompyuta, ndi kukweza dzanja podina batani, koma popanda kuonana nkhope. Inayamba kugwiritsidwa ntchito m'maphunziro a ziyankhulo mu 2002. Ambiri ankayembekezera kuti liwu likabwerera luso lakale la m'kalasi libwereranso. Sizinatero.

Chifukwa chake chili m'kalandiridwe ka mawu pakati pa oyankhulana. A Harvey Sacks, a Emanuel Schegloff ndi mayi Gail Jefferson anaonetsa mu 1974 kuti anthu amapatsana mpata woyankhula motsata dongosolo lokhwima, ndipo kafukufuku wa mayi Tanya Stivers ndi anzawo wa mu 2009, wochitika pa ziyankhulo 10 kuphatikizapo chimodzi cha ku Namibia, anapeza kuti mpata wa pakati pa funso ndi yankho umakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Dongosolo lofulumira chomwechi limadalira maso, mpweya ndi kamvekedwe ka liwu. Netiweki ikachedwetsa mawu ndi theka la sekondi, ndipo nkhope palibe, anthu awiri amayamba pamodzi, n'kusiya pamodzi, n'kupepesana pamodzi. Kukhala chete nakonso kumatalika. Mayi Mary Budd Rowe anali ataonetsa kale m'zaka za m'ma 1970 kuti mphunzitsi wa m'kalasi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndi kuti akadikira masekondi atatu mayankho amachuluka ndi kutalika. Pa Lyceum wophunzira ankayenera kumva funso, kuganiza m'chiyankhulo chachilendo, kupeza batani, ndi kulimba mtima, pamene mphunzitsi, osaona kuti munthu akukonzeka, ankadzaza mpatawo ndi mawu ake.

Mu 2005 mayi Regine Hampel ndi mayi Ursula Stickler anafalitsa pepala lofotokoza maluso asanu ndi awiri a mphunzitsi wa ziyankhulo wa pa intaneti, osanjikizana ngati njerwa. Awiri apansi okha ndiwo a makina enieni, kudziwa kompyuta ndi kudziwa pulogalamu. Lachitatu ndi kudziwa zimene njirayo ilola ndi zimene iletsa. Otsalawo ndi kumanga gulu, kuthandiza ophunzira kuyankhulana, kupeka ndi kusankha zochita, ndipo pamwamba penipeni kupeza kaphunzitsidwe kakekake. Lyceum inatha, m'malo mwake munalowa Elluminate, kenaka Adobe Connect, ndipo kusintha kulikonse kunkagwetsa njerwa yachiwiri yokha. Apa pali phunziro la kagwiritsidwe ka ndalama: maphunziro a batani amatha ntchito pulogalamu ikasintha, pamene maphunziro a kudikira ndi kuluka munthu amapita nawo.

Chaka cha 2020, ndi Kwathu Kuno

Mliri wa COVID-19 utatseka makoleji pa dziko lonse mu Malichi 2020, zimene Open University inaphunzira m'zaka 50 aphunzitsi ena anafunsidwa kuziphunzira m'masabata awiri. Pa 27 Malichi a Charles Hodges ndi anzawo anayi analemba m'magazini ya EDUCAUSE Review kuchenjeza kuti zimene zikuchitikazo zisatchedwe maphunziro a pa intaneti, popeza phunziro lokonzedwa bwino limatenga miyezi 6 mpaka 9, koma zitchedwe kuphunzitsa kwapatali kwadzidzidzi. Aphunzitsi ambiri anachita chimene munthu wosasulidwa amachita: ananyamula ola lawo lokamba n'kuliika pa Zoom, patsogolo pa mabokosi akuda.

Kuno ku Malawi sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020. Kuphunzitsa anthu akutali sikunali kwachilendo kwa ife, pakuti Malawi Correspondence College inatsegulidwa mu 1965, n'kusanduka Malawi College of Distance Education mu 1987. Koleji ya Domasi inayamba kusula aphunzitsi a sekondale ali kuntchito kwawo mu 2000, ndipo yunivesite ya Mzuzu inayamba maphunziro otere mu 2011. Za kuzima kwa magetsi, kudula kwa mabandulo ndi kusowa kwa netiweki m'midzi zanenedwa kokwanira ndi ena, ndipo n'zoona. Misonkhano yosulira aphunzitsi imene ife tinakhalapo inali ya masiku owerengeka, ndipo inathera pa njerwa ziwiri zapansi zija: m'mene ungalowere mu Moodle, m'mene ungaikire fayilo. Koma pali chinthu china chimene mbiri ya ku Britain singatiuze, chifukwa kumeneko mphunzitsi ndi wophunzira kawirikawiri amayankhula m'kalasi chiyankhulo chomwe amayankhula kunyumba.

Kuyambira pa chigamulo cha msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1968, chimene chinakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi chakhalabe chiyankhulo chophunzitsira m'makalasi apamwamba a pulayimale, ku sekondale ndi ku koleji. Ndipo lamulo la maphunziro la mu 2013 linanena kuti chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu ndi m'makoleji ndi Chingerezi. Limenelo ndi lamulo la papepala. Aliyense amene anaimapo patsogolo pa ophunzira a chaka choyamba adziwa kuti kalasi yathu ili ndi ziyankhulo ziwiri kapena zitatu. Tanthauzo limaperekedwa m'Chingerezi, nkhope zikaoneka zosokonezeka mphunzitsi amati "tamvana?", n'kupereka chitsanzo cha pamsika m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka kumene ophunzira ambiri ali a chiyankhulo chimenecho, anthu n'kuseka, phunziro n'kupitirira. Tikayang'anitsitsa tiona kuti chiyankhulo chakwathu chimagwira makamaka gawo lachitatu lija ndi mawu otsegula njira aja, ndiko kuti malo enieni amene mbiri yonseyi yaonetsa kuti ndiwo amaonongeka mphunzitsi akachoka m'kalasi. Chimakhala ndi moyo chifukwa sichilembedwa. Phunziro likalembedwa pa Moodle kapena likajambulidwa kuti lisungidwe, mkulu wa nthambi ndi woyesa wochokera kunja angathe kuliona, ndipo mphunzitsi, podziwa zimenezi, amalichotsa Chichewa chonse. Wophunzira wathu amataya kawiri, nkhope ya mphunzitsi ndi chiyankhulo chimene nkhopeyo inkaitana.

Chichewa chothamangitsidwachi chinathawira pa WhatsApp, pamene ophunzira amafotokozerana m'mawu ojambulidwa ndi m'zolemba zosakaniza ziyankhulo, mwa kalembedwe kamene bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, silikanakavomera. Mphunzitsi amene walowa m'gulu lotere n'kufuna kutsata malangizo a a Rowntree amakumana ndi funso limene Chingerezi chimabisa. Mlowam'malo wa munthu wachiwiri m'Chingerezi ndi mmodzi, wa mwana ndi wamkulu, wa mmodzi ndi ambiri. Ife tiyenera kusankha. Akalemba "iwe", wapeza wophunzira mmodzi uja amene Rowntree ankafuna, koma wanyoza bambo wa ana atatu, mphunzitsi wamkulu pa sukulu yake, amene akuphunzira digiri ali kuntchito. Akalemba "inu", wapereka ulemu, koma pabwalo la anthu 80 "inu" amamveka ngati wa gulu, ndipo aliyense amayesa kuti funso ndi la mnzake. Aphunzitsi ena amathetsa izi potchula dzina ndi "a" waulemu asanafunse, imene ndi njira yomweyo ya a Feenberg yovomereza munthu ndi dzina, koma yovala zakwathu. Kukhala chete nakonso kuli ndi tanthauzo lina kuno, popeza wophunzira woleredwa bwino sathamangira kuyankha wamkulu, ndipo moni wa "mwadzuka bwanji" amene mphunzitsi wofulumira angamuone ngati wodya bandulo pachabe ndiye sitepe yachiwiri ya mayi Salmon m'chiyankhulo chathu.

Zimenezi n'zotheka kuziphunzitsa, ndipo zipangizo zake zilipo: mauthenga enieni a aphunzitsi ndi ophunzira, oti asonkhanitsidwe ndi chilolezo chawo ndi kusanthulidwa monga anachitira mayi Mason ndi mayi Salmon, ntchito imene ingayenere nthambi za ziyankhulo pamodzi ndi Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996. Koma koleji iliyonse imene ingafune kutengera njira yoyendera ndemanga ija idzayenera kuyamba yauza woyenderayo chochita akapeza ziganizo ziwiri za Chichewa kapena Chiyao pansi pa ntchito ya wophunzira, ngati azilembe m'gulu la zolakwa kapena la maluso. Ndime 78 ya lamulo la mu 2013, imene imakhazikitsa Chingerezi, imapatsanso nduna mphamvu yolamula chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu kudzera m'chidziwitso cha mu Gazette. Za chiyankhulo cholembera ndemanga, choperekera moni kapena cholukira mauthenga a gulu, ndimeyo sinenapo kanthu.